Ulendo wa ku Nyika kuchokera ku Lusaka: ndi wabwino, koma masiku 4 ndi ochepa

Phukusi la kampani ina ya mu Lusaka lomwe tikulipima pano linali la masiku 4, galimoto ya 4x4, woyendetsa, malo ogona ndi chakudya. Tikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Choyamba ndi msewu, chifukwa Nyika, paki ya pamwamba pa mapiri, ili m'malire a Malawi ndi Zambia, ndipo ambiri amaganiza kuti mbali yake ya ku Zambia amafikako mosatuluka m'dziko la Zambia, pomwe msewu umadzera ku Malawi. Galimoto imatenga Great East Road mpaka ku Chipata, makilomita pafupifupi 570, kudutsa pa malire a Mwami kulowa ku Mchinji, kenaka Kasungu, Mzuzu, Rumphi, n'kukalowera pa geti la Thazima. Pasipoti ikhale m'thumba, ndipo funsiranitu ngati galimoto ili ndi mapepala otulukira kunja pamodzi ndi inshulansi ya COMESA, yomwe imagwira ntchito m'maiko angapo a m'chigawo chino cha Africa. Kupita kokha kumadya masiku awiri, kubwerera awirinso. Otsala owonera malo ali kuti? Limbikirani kuti akhale 6 kapena 7.

Vuto lalikulu linali mafuta. Mafuta omaliza odalirika ali ku Rumphi, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Chelinda, malo ogona alendo a m'kati mwa paki, ndi makilomita oposa 100 a msewu wafumbi wokwera, momwe galimoto imayenda pa giya yaing'ono n'kumamwa dizilo ngati madzi. Kampaniyi inanyamula chigubu chimodzi chokha cha malita 20, choncho ulendo wa ku phiri la Nganda, lalitali mamita opitirira 2,600, unadulidwa. Zigubu ziwiri n'zofunika, matayala apadera awirinso.

Pamwamba pa Nyika palibe chodandaula. Zitunda za udzu wokhawokha zimangotsatizana mpaka pomwe maso alekezera, mbidzi, chilembwe ndi ntchefu zikudya poyera. Nkhungu imatha kutsika masana n'kuphimba msewu wonse, moti woyendetsa wanzeru amaima kaye. Kuzizira musakupeputse, abale. Mu June ndi July m'mawa udzu umayera ndi chisanu, zala kuuma osatha kugwira kapu ya tiyi. Juzi ya ku Lusaka siyikwanira, tengani chijasi, chipewa ndi masokosi okhuthala. Okonda maluwa apite mu January kapena February pamene ma orchid a mitundu yoposa 200 amamasula, ngakhale nthawi imeneyo matope amavuta.

Chomwe chakweza nyenyezi ndi wotiperekeza, munthu wa komweko wolankhula Chitumbuka. Pa nyanja yaing'ono ya Kaulime anafotokoza za njoka yaikulu yomwe makolo ankati imakhala m'madzimo, ndi momwe anthu ankapitirako kukapempha mvula. Anakambanso za Aphoka, omwe ankakhala m'mapiriwa n'kumasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndi za mabanja omwe anasamutsidwa pomwe paki, yokhazikitsidwa mu 1965, inakuzidwa mu 1978. Nkhani imeneyi akuluakulu a m'midzi yoyandikana ndi paki amaikamba ndi mtima wowawa, ndipo ndi bwino kuimvetsera mwaulemu. Wopanda Chitumbuka angakuonetseni madzi okha.

Ku Bolero, kwawo kwa mfumu yaikulu Chikulamayembe komwe kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya, galimoto inangoima mphindi zochepa, zomwe zinatikhumudwitsa. Pemphani theka la tsiku. Mukafika pamudzi yambani mwalonjera anyakwawa, ndipo musajambule munthu musanapemphe.

Nkhalango ya Chowo ili ku mbali ya Zambia, pafupi ndi msewu wopita ku Chelinda, ndipo ulendo wapansi wa m'menemo unali m'phukusi. Nsapato zikhale zosaterereka.

Za ndalama: sinthani Kwacha ya Zambia kukhala ya Malawi musanapitirire Mzuzu, ndipo mufunse kampani ilembe papepala ngati ndalama yolowera pa Thazima ili kale mumtengo. Pa phukusi ili sinalimo, aliyense analipira yekha pa geti.