Deki, fulashi, dishi kapena bandulo: filimu ya maloboti imaoneka bwino pati kuno ku Mangochi?

Filimu ya chikondi kapena sewero la ku Nigeria mutha kuonera pa china chilichonse, ngakhale pa kafoni kosweka galasi, nkhani n'kuitsata bwinobwino. Mafilimu a sayansi yongopeka okhala ndi nkhondo, aja a maloboti, zombo zopita ku mapulaneti ena ndi mizinda ya m'tsogolo, salola zimenezo. Zambiri zimachitikira mumdima, zinthu zimathamanga, utsi ndi moto zili ponseponse, ndipo zimenezi ndi zomwe zimayamba kuwonongeka filimu ikapanikizidwa kuti ichepe. Pulogalamu yopanikiza imasunga chithunzi chimodzi chathunthu, kenako n'kumangosunga zomwe zasintha pa zithunzi zotsatira. Anthu awiri akamacheza pakhonde zosintha zimakhala zochepa. Chombo chikaphulika, chilichonse chimasintha nthawi imodzi, ndiye pa TV pamangodzaza timabokosi totuwa. N'chifukwa chake ine ndimati musanafunse kuti TV ndi ya mainchesi angati, funsani kuti filimuyo ndi ya ma GB angati.

Tiyambe ndi deki, poti m'nyumba zambiri ku Mpondasi, ku Namwera ngakhale ku Monkey Bay ikadalipo pansi pa TV, yofunditsidwa kansalu. Chimbale cha DVD wamba chimalowa ma GB 4.7, cha magawo awiri 8.5, ndipo chithunzi chake ndi madontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali. Chikakhala chenicheni, cha filimu imodzi, chimaoneka bwino ndithu pa TV ya mainchesi 32, mawu ake ndi abwino, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndi mawu olembedwa m'munsi. Koma zimbale zimene zinadzaza m'misika yathu ndi zija zolembedwa kuti muli mafilimu 20. Gawani ma GB 4.7 kwa mafilimu 20, iliyonse ikupeza ma MB 235 okha, pomwe filimu yotere imatenga maola awiri kapena kuposa. Nkhondo yomaliza mumangoimva ndi makutu, m'maso muli chifunga. Fumbi la mwezi wa October nalo silikhululukira deki: likakhala pa diso lake, chimbale chimayamba kudumpha pamene zinthu zafika pokoma.

Fulashi ndi memori khadi ndi zomwe zinagwetsa deki, ndipo kwa ambiri a ife njira imeneyi ndiyo ikutsogola, bola mudziwe chofunsa. Mukapita kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu, iwo amafuna kukudzazirani fulashi ndi mafilimu ambiri kuti muone ngati mwapindula. Akaneni. Filimu ya maola awiri yooneka bwino pa 720p (nambala imeneyi ikakula, madontho a chithunzi amachuluka) imafuna GB imodzi kapena kuposerapo, ya 1080p iwiri mpaka inayi. Ya ma MB 300 ndi ya pafoni basi. Chenjeraninso ndi filimu yomwe yangotuluka kumene kunja koma ili kale pa kompyuta ya mnyamata wa pamsika. Kawirikawiri imeneyo inajambulidwa ndi kamera m'nyumba yoonetsera mafilimu: chithunzi chopendekeka, mitu ya anthu ikudutsa, wina akutsokomola, ndipo malo amdima ndi akuda bii. Tisabisenso mawu: ambiri mwa mafilimu a pamsika ndi okopedwa popanda chilolezo cha eni ake, zomwe lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa ndipo a COSOMA amalimbana nazo. Aliyense adziwe chomwe akugula.

Fulashi ili ndi timavuto take tomwe timakwiyitsa madzulo, banja lonse litakhala kale pamkeka. Ikakhala yokonzedwa mwa FAT32, njira yakale yosungira mafayilo, siilandira filimu yopitirira ma GB 4, ngakhale malo atakhalapo. Ma TV ambiri akale ndi madeki okhala ndi polowetsa fulashi sawerenga mafilimu opanikizidwa mwa njira yatsopano ya H.265, ena amakana mafayilo a mtundu wa MKV, ena amaonetsa chithunzi mawu osamveka chifukwa sadziwa mtundu wa mawu wotchedwa DTS. Chotetezeka ndi fayilo ya MP4 yopanikizidwa mwa njira ya H.264, imeneyo pafupifupi TV iliyonse imailandira. Ngati mukufuna mawu olembedwa m'munsi, kafayilo ka mawuwo, kotchedwa SRT, kakhale ndi dzina lofanana ndendende ndi la filimuyo, mu foda imodzi.

Pa fulashi pomwepo pali mpikisano wina, wa filimu yachingerezi ndi yomasuliridwa m'Chichewa. Apa ndimagawikana mtima. Nkhani za mafilimu amenewa ndi zopota: munthu wabwerera m'mbuyo zaka 40 kuti akaletse nkhondo yomwe sinachitike, kapena dziko lomwe tikuliona ndi la bodza lopangidwa ndi makina. Mukaphonya ziganizo zitatu koyambirira, maola awiri otsalawo mumangoona anthu akuomberana osadziwa cholakwa. Womasulira wabwino amakugwirani dzanja, ndipo agogo ndi ana amatsata limodzi, n'kumaseka loboti ikapatsidwa dzina la kumudzi, nayo n'kumayankha ngati kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde. Mtengo wake ndi mawu a filimuyo. Nthawi iliyonse womasulira akalankhula amatsitsa mawu enieni, ndiye kulira kwa injini ya chombo ndi nyimbo zomwe zimakweza mtima zimangodukaduka. Chithunzi nacho chimatsika chifukwa filimu yapanikizidwa kachiwiri. Ena akasowa chonena amangopeka nkhani yawoyawo, yokoma kumene, koma si imene analemba eni ake. Ngati m'nyumba muli anthu ambiri osamva Chingerezi chothamanga cha ku America, tengani yomasulira koyamba, yachingerezi mudzaonere tsiku lina nkhani mukuidziwa kale.

Dishi sindichedwapo. Pa DStv chithunzi ndi choyera, mawu ndi abwino, ndipo matchanelo a M-Net Movies amaonetsa mafilimu otere pafupipafupi. Koma mumaonera chomwe aika, pa nthawi yomwe aika, mumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo mvula ya mabingu ya mu January ikabwera chithunzi chimathawa. Amene ali ndi dishi amakumbukiranso 2023, pamene kampani ya MultiChoice, mwini wake wa DStv, inaimitsa DStv m'dziko muno mu August chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, mpaka nkhaniyo itatha kukhoti kumapeto kwa chaka.

Intaneti ndi imene ili ndi mafilimu abwino kwambiri mwa njira yovomerezeka. Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, inayamba kupezeka ku Malawi mu January 2016, ndipo mwa kuwerengera kwa eni ake, ola limodzi limadya pafupifupi GB imodzi pa chithunzi wamba, mpaka ma GB 3 pa chithunzi choyera cha HD, ndi 7 pa choyeretsetsa cha 4K. Ndiye filimu imodzi ya maola awiri pa HD ingathe kumeza ma GB 6 a bandulo ya Airtel kapena TNM. Kulipira kumafuna khadi la ku banki lotha kugula kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amadziwa momwe zolipira za kunja zikuwawira. Choipa kwambiri pa mafilimu athuwa ndi chakuti netiweki ikafooka, pulogalamu imatsitsa yokha chithunzi osakufunsani, ndiye timabokosi tija tabweranso, ulendo uno mutatilipirira. Njira yabwino ndi kutsitsiratu filimu mu foni pamene netiweki ili bwino, monga pakati pa usiku, n'kudzaonera mawa lake. Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inafika m'dziko muno mu 2023, imathetsa vuto limeneli, koma ndalama zake ndi za malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, osati za ife.

Pafupifupi njira zonsezi zimagwada pamaso pa magetsi. Madzi omwe amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi omwewo amakazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma kuyandikana ndi Shire sikutipatsa mwayi uliwonse. Magetsi akathima, wa dishi waphonya filimu basi, wa deki ayambe kusaka pomwe analekezera, pomwe wa fulashi pa laputopu kapena foni akupitiriza. TV ya LED ya mainchesi 32 siidya magetsi ambiri, nthawi zambiri siipitirira mawati 50, moti batire la sola labwino limaikoka mpaka filimu kutha, bola musalumikizenso sabufa yaikulu ndi fani nthawi imodzi.

Sabufayo ndiyofunika ndithu. Mafilimu amenewa amakonzedwa kuti mawu azituluka m'masipika 6, ndipo zolankhula zimakhala ndi sipika yakeyake ya pakati. Pa timasipika tiwiri ta TV zolankhula zimamira, mumakweza kuti mumve, kenako bomba likaphulika aneba onse adzuka. Yang'anani mu menyu ya TV kapena deki ngati muli Night Mode kapena DRC, imatsitsa kuphulika n'kukweza zolankhula. Mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi isiyeni, ndi mmene filimu inajambulidwira. Mukaikoka filimuyo kuti idzaze TV, mumadula m'mbali kapena anthu amatalika mitu.

Ine ndikasankha, poyamba ndi filimu yotsitsiratu pa intaneti kwa amene angakwanitse, kenako fayilo yaikulu ya MP4 pa fulashi, dishi pachitatu, chimbale cha mafilimu 20 kumapeto kwenikweni. Ndipo ngati mukutenga pa fulashi, musachoke pa benchi ya mnyamatayo asanakutsegulireni filimuyo. Asakuonetseni koyambirira, pomwe pamakhala powala ndi podekha. Muuzeni adumphe mpaka mphindi 20 zomaliza, pamene nkhondo yafika pachimake, muone ngati nkhope ya loboti ikuoneka mumdimamo.