Okonza njinga kuseri kwa msika ku Limbe: nyenyezi zitatu, zonsezo ndi za mwini shopu

Mnyamata wa pashopu imeneyi ndinamuuza kawiri, anthu akumva: osapala, osapenta, osachotsa kanthu. Ndinkangofuna kudziwa amene anapanga njinga ya malemu agogo anga ndi chaka chake, kenako ayiike matayala ndi girizi iyambe kuyenda. Baji ya kutsogolo inathothoka kalekale, koma kwathu timaitchula kuti Hamba ya agogo, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Iye anangoiponyera diso kamodzi n'kunena kuti, "Akulu, iyi ndi Phoenix ya ku China, a kabaza ali nazo mbwee." Ndinapereka theka la K30,000 yomwe anatchula n'kumapita.

Nditabwerera Lachisanu mtima unangoti myuu. Felemu waipala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuyera mbee. Zilembo zagolide zomwe zinkaonekera pang'ono pansi pa penti yakuda, zimene ndinkadalira kuti zitiuza zoona, zapita. Chishalo chachikopa wachotsa, waikapo cha pulasitiki. Pomufunsa, akuti amafuna kundikongoletsera. Ndinakalipa mpaka amayi a tomato anasiya malonda n'kumationerera.

Phokosolo ndi lomwe linatulutsa mwini shopu, bambo wachikulire wa imvi. Sanaikire mnyamatayo kumbuyo. Anangoti, "Mwanangu, takhalani pansi tiione kaye," n'kuitembenuza njinga matayala m'mwamba. Anayamba ndi foloko: mbali iliyonse ili ndi timapaipi tiwiri towonda m'malo mwa limodzi, kapangidwe ka Humber. Kenako anatsuka ndi palafini giya yaikulu ya kutsogolo ija yomwe tcheni chimayendapo, ndipo panaoneka tianthu togwirana manja mozungulira. Anati ikanakhala Raleigh yeniyeni pakanakhala mitu ya kakowa, ikanakhala Rudge pakanakhala chikhatho cha dzanja. Zaka zonsezi ndimaona ngati ndi maluwa chabe!

Chaka anachipeza pa habu ya kumbuyo, chitsulo cha pakati pa wilo momwe muli magiya. Atachotsa girizi wouma panatuluka mawu akuti Sturmey-Archer, zilembo AW, ndi manambala 59 ndi 10, kutanthauza October 1959. Chimene chinandisangalatsa n'choti sanakokomeze. Anandichenjeza kuti deti limenelo ndi la habu, ndipo wilo munthu amatha kusintha, choncho tingonena kuti njingayo ndi ya cha m'ma 1959 kapena 1960 ngati wiloyo ndi yomwe inabwera nayo. Anaona kuti malimu onse awiri ndi ofanana, dzimbiri lake limodzimodzi, ndiye anati akukhulupirira kuti sinasinthidwe. Anandifotokozeranso kuti kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inagula dzina la njinga za Humber mu 1932, n'chifukwa chake mazinga ake ndi a Raleigh, 26 pa inchi, pomwe zipangizo zambiri za mumsika ndi za 24. Mukakakamiza, mwaononga felemu. Mnyamata uja anali atagula kale makapu a mumsika, tizitsulo ta mazinga tomangidwa mu felemu pomwe pamazungulira mapedulo, oti amange, mwayi wake anali asanayambe.

Chishalo chinapezeka pamulu wa zitsulo zokagulitsa, cha Brooks, chikopa chouma koma chosang'ambika. Bambowo anachibwezeretsa okha ndipo anakana ndalama yotsalayo. Apa mkwiyo unatsika ndithu, ndipo magiya atatu onse akulowa bwinobwino, mabuleki a ndodo akugwira.

Koma zilembo zija sizidzabweranso, ndipo mnyamatayo mpaka lero sanapepese. Ngati muli ndi njinga yakale ya makolo, pitani m'mawa bambowo akakhalapo, muwapatse m'manja mwawo, ndipo muijambule mbali zonse musanaisiye. Belu langa akuti akulifunafunabe, ndikalitenga Lolemba.