Astra, Feather kapena Shark: zolembedwa pa lezala zimathandizadi pometa?

Anzanga amene asiya zometera zapulasitiki n'kubwerera ku malezala akuthwa mbali ziwiri akhala akundifunsa funso limodzi lomweli: kodi manambala 1, 2, 3, 4 amene ali pa lezala la Astra akutanthauza kuti tiziyambira pa 1? Ayi. Lezala lili ndi mbali ziwiri zakuthwa, koma mbali iliyonse imanoledwa pamwamba ndi pansi, ndiye malo onoledwa amakwana anayi. Manambalawo ndi akufakitale. Malezala akamatuluka obuntha, amisiri amayang'ana nambala n'kudziwa mbali imene makina onolera akulakwitsa.

Ometa adawapezera ntchito ina. Ena amaika 1 ndi 2 pamwamba lero, mawa 3 ndi 4, ati potero lezala limakhalitsa. Ine zimenezo sindizikhulupirira, chifukwa kansonga kodula ndevu ndi komweko, kaya lezala lagona chagada kapena chafufumimba. Chimene manambala amandithandiza ndi kuwerenga. Ndikatsuka chometera ndimabwezera lezala moti nambala yoyang'ana kwa ine ikhale ya ulendo wotsatira, ndipo ndikametera pa 4 ndimalitaya. Amene tili ndi ndevu zopotana tikudziwa zimene lezala lotopa limachita pakhosi: tiziphuphu toyabwa tosatha msanga.

Mawu ena olembedwa pa malezala ndi osavuta. "Stainless" ndi chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chimene kampani ya Wilkinson Sword idatchukitsa pa malezala mu 1962. "Platinum" ya pa Astra ndi "Chrome" ya pa Shark Super Chrome zikunena za kokutira kochepetsetsa ka pamalo akuthwa, osati lezala lonse. N'chifukwa chake timapepala tambiri tokulungira malezala timaletsa kupukuta lezala ndi nsalu. Ingolitsukuluzani ndi madzi, liume lokha.

Pa kuthwa palibe wotsutsa, Feather ya ku Japan ndiyo patsogolo. Imasenga ndevu zolimba ulendo umodzi, koma dzanja likangolemera pang'ono, chibwano chimatuluka magazi, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Shark, yopangidwa ndi kampani ya Lord ku Alexandria ku Egypt, ndi yofatsa komanso yotchipa, yabwino kwa amene akuphunzira, ngakhale kuti pa ndevu zowirira muyenera kubwereza. Astra, ya m'banja la Gillette, ili pakati pa ziwirizi.

Koma chimene chidandiphunzitsa kuwerenga lezala ndisanaliike m'chometera ndi malezala achinyengo. Ndidagula mpukutu wa timabokosi pa sitolo ina chifukwa mtengo udali wotsika, ndipo kunja kwake kunkaoneka bwinobwino. Kutsegula kapepala, zilembo za pa lezala zidali zosamatirira, moti nditakhudza ndi chala chonyowa inki idatsalira pachalapo. Manambala adali opendekeka, ina yodulidwa theka, ndipo phula lomatira lezala kukapepala lidafika mpaka pakuthwa penipeni. Pometa silinkadula ayi, linkazula ndevu imodziimodzi, tsaya n'kutentha ngati lapakidwa tsabola. Nditabwerera nawo, wogulitsa adangoti katundu wotsegula sabwezedwa. Ndalamazo zidandiwawa, koma chidandipweteka kwambiri n'chakuti munthu amagulitsa chinthu chokafika pakhosi pa mnzake akudziwa kuti n'chabodza.

Kuyambira pamenepo ndimagula kabokosi kamodzi kaye, n'kutsegula lezala limodzi pomwepo. Lenileni limakhala ndi zilembo zooneka bwino, zolunjika, zofanana pa malezala onse a m'kabokosimo, ndipo timadontho taphula timakhala kutali ndi pakuthwa. Mukapeza lezala lopanda dzina n'komwe, lisiyeni, chifukwa likakuchekani simudziwa n'komwe mtundu woti muziupewa.

Ndiye ndisankhe liti? Ngati khungu lanu ndi lolimba ndipo dzanja lidazolowera, Feather sikukhumudwitsani. Mwana amene wangoyamba kumera ndevu mugulireni Shark. Ine ndili ku Astra ndipo sindibisa kuti ndikuikondera: imandimeta osandicheka, mtengo wake ndimaukwanitsa, ndipo manambala ake anayi amandikumbutsa tsiku lotaya lezala khosi lisanayambe kuyabwa.