Seychelles kapena Florida Keys: mupite liti, mupite kuti?

Kuwedza ndi nyambo yomangidwa ndi nthenga m'madzi amchere kumadalira nyengo kuposa luso. Malo awiriwa, zilumba za Seychelles m'nyanja ya Indian ndi zilumba za Florida Keys ku America, amalandira alendo pa miyezi yosiyana.

Ku zilumba zakutali za Seychelles, monga Alphonse ndi Cosmoledo, nyengo yabwino imayambira cha mu Okutobala mpaka Epulo kapena Meyi. Kenako mphepo yochokera kummwera chakummawa imalimba, nthawi yomweyo imene mwera umavutitsa asodzi a ku Nkhotakota, ndipo malo ogona ambiri amatseka. Ku zilumbazi mumayenda wapansi m'madzi ofika m'mawondo, maso ali pamchenga woyera kufunafuna chithunzithunzi cha nsomba yotchedwa bonefish. Nsomba yaikulu yotchedwa giant trevally ikatulukira, mulibe nthawi yoganiza: imabwera ngati galu wolusa, ndipo ulusi ukakhudza matanthwe, basi waduka. Vuto ndi thumba. Ulendo wake ndi wa ndege zing'onozing'ono, mtengo wake wosayamba.

Ku Florida Keys nkhani ndi nsomba yaikulu yotchedwa tarpon, imene imadutsa m'magulu kuyambira Epulo mpaka Juni, zina zolemera kupitirira makilogalamu 45. Mumaimirira kutsogolo kwa kabwato, wokutsogolerani akukankha ndi mtengo wautali. Lamulo la ku Florida limati tarpon yopitirira mainchesi 40 isatulutsidwe m'madzi. Mukachedwa, nyengo ya namondwe imayamba pa 1 Juni mpaka 30 Novembala.

Ine ndingasankhe Seychelles. Nsomba za ku Keys zaona nyambo zambirimbiri, zachenjera, ndipo wongoyamba kumene akhoza kupsa ndi dzuwa tsiku lonse osagwira kanthu.