Khadi ya ngongole ya mapointi ija inandichititsa manyazi pa Dedza, lole itapakira kale

Khadi imeneyi sindinaipemphe ine ayi, ndi iwowo a banki amene ankandiimbira okha kuti bambo akaunti yanu ikuyenda bwino, bwerani mudzatenge khadi ya ngongole ya Visa, mukamagula zinthu muzipeza mapointi, komanso mukaswaipa ndalama yopitirira imene anaika ija dzina lanu likulowa mumpikisano wa mwezi ndi mwezi. Ine ndine wa pa Lizulu, ndili ndi kashopu ka feteleza ndi mbewu, nyengo ya mbatatesi ndimagulanso kwa alimi a ku Tsangano n'kumatumiza m'tauni, ndiye ndalama imadutsa m'manja mwanga ndithu ngakhale phindu lake ndi lochepa. Ndinaona kuti ngati ndikugula kale katundu wa mamiliyoni, bola ndizigula ndi khadi mapointi aziunjikana. Ndalama imene amadula pachaka mukuidziwa nonse amene muli nayo, siyochepa, koma ndinalola.

Miyezi yoyamba zinali bwino, pamenepo sindinama. Mafuta a galimoto pa filing'i, shuga ndi sopo ku holoselo, mankhwala ku famase, paliponse pamene pali kamashini ka POS ndinkatulutsa khadi, ndipo mwezi ukamatha ndinkabweza ngongole yonse tsiku lisanakwane kuti chiwongoladzanja chisandigwire.

Zinavuta mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, nthawi imene mlimi aliyense akufuna NPK ndi Urea tsiku lomwelo. Ku holoselo ina pa Dedza boma kunafika feteleza, ndinachita hayala lole ya mnzanga wa pa Chimbiya, tinagwirizana kuti pofika masana tikhale titatsitsa pa Lizulu chifukwa madzulo anali ndi ulendo wina wa kabichi ku Lilongwe. Matumba 20, ndalama yonse K2.4 miliyoni, mitengo yake mukuidziwa mmene inakwerera chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ngati imeneyo ukati unyamule kashi, ngakhale ikhale ya ma K5,000 okhaokha, ndi mapepala 480, uyende nawo mu minibasi pa M1 anthu akukupanikiza mbali zonse? Ndiye khadi ndi imene ndinadalira, ndipo malire ake anali okwanira, ndinali nditaona pa app m'mawa womwewo.

Mnyamata wa pa kauntala ndinamuuza kuti tilipire kanayi, K600,000 ulendo uliwonse, chifukwa a banki eni ake pa pepala lawo la mpikisano analemba kuti kuswaipa kulikonse ndi mwayi umodzi, ndipo mayi amene anandipatsa khadi anandiuza ndi pakamwa pawo kuti swaipani kwambiri bambo, mwayi uchuluke. Ulendo woyamba zinadutsa, lisiti linatuluka. Wachiwiri zinadutsa. Anyamata aganyu ataona malisiti anayamba kupakira, ndipo anapakira onse 20 poti bwana wa pamenepo amandidziwa. Wachitatu kamashini kanaganiza nthawi yaitali kenako kanalavula kapepala kakafupi kolembedwa DECLINED. Mnyamata uja anati mwina ndi netiweki achimwene, anatuluka nako panja kamashini kaja kukakweza m'mwamba, tinayesanso, chimodzimodzi. Kumbuyo kwanga mzere wa anthu, ena ondidziwa a kwathu komwe, mayi wina mpaka ananena mokweza kuti ngati ndalama zatha apatuke ena tigule. Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa, chifukwa ine pa Lizulu anthu amandikongoza mbatatesi pongokhulupirira dzina langa, ndiye wina akapita kukanena kuti khadi yake inakana pa Dedza, mawa mlimi andipatsanso matumba pa ngongole?

Foni yanga inali zii, palibe meseji iliyonse. Ndinaimba nambala ili kuseli kwa khadi, kanyimbo, kenako mawu ojambulidwa a Chingerezi kuti dinani wani dinani thuu, mayunitsi akutha, ndinagula ena kwa mnyamata wa pa khonde, kuimbanso. Atayankha munthu weniweni, mtsikana waulemu ndithu, anandifunsa dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso cha unzika, ndalama yomaliza imene ndinagwiritsa ntchito, kenako anati khadi yanu yatsekedwa ndi kompyuta yoona za akuba chifukwa ndalama yofanana yatuluka motsatizana pamalo amodzi m'mphindi zochepa, ndiponso ndi yaikulu kuposa mmene mumagulira masiku onse, ndiye ikuoneka ngati khadi yabedwa. Anati tinakutumizirani meseji kuti mutsimikize ngati ndinu, simunayankhe. Ndinati mayi, meseji yake iti? Inabwera madzulo ndili pa Bembeke pobwerera, pamodzi ndi ena ambirimbiri. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa, kuchoka pa Dedza kutsika mpaka pa Biriwiri msewu umayenda m'malire enieni, mbali ina ndi Mozambique, foni nthawi zina imangodumphira yokha pa Movitel kapena Vodacom, ndipo mameseji amachedwa kapena osafika kumene. Banki yokhala ndi makasitomala ku Dedza ndi ku Ntcheu osadziwa zimenezi?

Ndinamupempha mtsikana uja kuti poti mwandifunsa zonse ndipo ndayankha bwino, tsegulani ndimalize kulipira. Anati iye mphamvu imeneyo alibe, alemba lipoti lipite kwa anzake a chitetezo, kapena ndipite ku bulanchi. Nthawi imeneyo dalaivala akuliza hutala, bwana wa holoselo wabwera kudzaima pambali panga, anandilankhula mwaulemu kuti madala, ndalama yalowa ndi ya matumba 10, enawo atsike kaye. Anyamata anatsitsa matumba 10 ine ndikuona, ndipo ndinawalipira kawiri, kukweza ndi kutsitsa. Ndinayesa kuti ndisonkhanitse pa Airtel Money ndi Mpamba, ndinaimbira mayi akunyumba atumize zimene zinali mushopu, zinangokwana matumba atatu, ochotsera ake osanena. Asanu ndi awiri otsalawo anagula munthu wina ine ndili pomwepo. Lole ndinalipira yonse ngati yadzadza.

Koma chimene chinandikwiyitsa kwambiri si kompyuta ayi, kompyuta ilibe maso. Ndi mayi amene ndinawapeza pa desiki ya makasitomala nditathamangira ku bulanchi. Ndinafika thukuta lili kamukamu, malisiti m'manja, iwo maso ali pa foni yawo, osandipatsa ngakhale mpando. Nditafotokoza anangoti inu munatsegulira kuti akaunti? Ndinati ku Ntcheu. Basi pitani ku Ntcheu komweko. Ndinati mayi, banki ndi imodzi, kompyuta ndi imodzi, lole ikundidikira panja apa, anati bambo musandiphunzitse ntchito, amene akuuzani kuti muziswaipa kambirimbiri ndani? Ndinawaonetsa pepala la mpikisano limene linali litamatidwa pa khoma kumbuyo kwawo komweko, sanacheuke n'komwe. Ine ndi munthu wamkulu, ndili ndi ana a msinkhu wawo, sindinayankhenso, ndinangotuluka. Ku Ntcheu m'mawa mwake anandilembetsa fomu, kufotokopa chiphaso, ndipo bambo amene anandithandiza kumeneko anandiuza kuti zimenezi akanatha kuchita pa bulanchi iliyonse. Khadi anaitsegula sabata yomweyo, feteleza atakwera kale mtengo.

Ndinatsimikiza mtima kuti ndikabweza ngongole ya mwezi umenewo ndikaiponya khadi pa desiki pawo. Chimene chinandibweza ndi zimene zinachitika mu Januwale. Usiku ndili mtulo foni inalira meseji, nthawi ino inafika msanga poti ndinali kunyumba pa netiweki yathu, kuti wina akuyesa kulipira ndi khadi yanga pa intaneti, ndalama yake m'madola, ku kampani imene dzina lake sindinalimvepo. Khadi ili m'chikwama changa pansi pa pilo. Anayamba ndi ndalama yochepa kwambiri, ndipo a banki anandifotokozera pambuyo pake kuti akuba amatero, amayesa kaye pang'ono kuti aone ngati khadi ili moyo kenako n'kumenya yaikulu. Yaikuluyo kompyuta yomwe ija inakana n'kutseka khadi. Sanatenge ngakhale tambala. M'mawa a chitetezo anandiimbira okha, ndipo munthu wake anali wodziwa ntchito, anandiuza kuti pogula pa intaneti wakuba safuna pini, amangofuna manambala 16 a kutsogolo, tsiku lothera ntchito, ndi manambala atatu a kuseli aja, ndiye aliyense amene wagwira khadi yako kwa kanthawi n'kuijambula ndi foni mbali zonse ziwiri wamaliza. Ndinakumbukira malo angapo amene wogulitsa amatenga khadi n'kulowa nayo mkati ati kukasaka netiweki. Panopa khadi yatsopano manambala atatuwo ndinawaloweza pamtima n'kumatapo kapepala, ndipo kamashini kazibwera pamene ndaima ine, khadi sichoka m'manja mwanga.

Tsiku lomwelo masana kunabweranso foni ina, bambo wolankhula mwaulemu kwambiri, akuti ndine wa ku banki, taona kuti akuba akukuvutitsani, tikutumizirani manambala pa meseji mutiwerengere kuti titeteze akaunti. Ndinadula. A banki enieni m'mawa uja anali atandichenjeza kale kuti iwo safunsa pini kapena manambala achinsinsi obwera pa meseji aja (OTP) pa foni, ndipo pa chimenechi ndiwayamikire. Ndiye ndikamati ndikwiye ndi alonda amene anandikaniza kulowa pakhomo panga pomwe masana, ndimakumbukiranso kuti ndi omwewo anagwira wakuba usiku. Mtima unatsikako, koma osati kwa mayi a pa desiki aja.

Za mapointi ndinene zoona kwa amene mukufuna kuitenga chifukwa cha zimenezo. Alipo, amalowa, koma nditawerengera onse amene ndinasonkhanitsa sanafike ngakhale theka la zimene ndinataya tsiku limodzi lija pa lole, aganyu, mayunitsi ndi kukwera kwa feteleza. Mpikisano sindinawinepo kanthu. Ndipo mukachedwa kubweza ngakhale mwezi umodzi, ndi chiwongoladzanja cha masiku ano, Reserve Bank yokha inafika pa 26 peresenti mu 2024 ndiye mabanki amaika pamwamba pa pamenepo, mapointi a chaka chonse apita. Kwa munthu wa pa ntchito amene amagula zofanana mwezi uliwonse m'sitolo zomwezomwezo mwina sizingamuvute. Kwa ife a bizinesi ya nyengo, amene miyezi ina timagula za K50,000 kenako mwadzidzidzi za mamiliyoni, kompyuta yawo imationa ngati akuba. Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ziwiri za a chitetezo, imodzi ya bambo a ku Ntcheu aja.

Khadi ndikadali nayo. Ndikafuna kugula katundu wambiri ndimaimba dzulo lake kuwauza kuti mawa ndili pa Dedza kapena ku Lilongwe ndigula za ndalama zakuti, ndimalipira kamodzi osagawa, foni ndinaichotsa pa zosankha yokha netiweki kuti isamathawire kwa a Mozambique, ndipo ndimanyamulako ina pa Mpamba. Zonsezi palibe anandiuza pondipatsa khadi, pepala lawo linangodzadza ndi zithunzi za mphoto. A banki ngati mukuwerenga, munthu akayankha mafunso onse pa foni mutsegulireni pomwepo, ndipo meseji ikapanda kuyankhidwa imbani, nambala muli nayo. Kalata yodandaula za mayi aja ndi za ndalama ya lole ndinaisiya kwa manijala mu Disembala, anandidindira kope langa, mpaka lero sanandiyankhe, ndipo sabata ya mawa ndikupitanso kukafunsa.