Tinahayala galimoto kuchoka ku Mufakose mu Harare kupita ku Kadoma ndi agogo, mmene zinayendera

Anthu angapo akhala akundifunsa kutchalitchi kuti galimoto ija munapita nayo ku Kadoma munaipeza bwanji komanso inadya zingati, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengere yekha, chifukwa ndatopa kubwereza zomwezomwezo pakhomo la tchalitchi dzuwa likuswa mtengo.

Ulendowu unali wa chiliza cha agogo aamuna. Iwowo anagwira ntchito kumgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats kuyambira nthawi ya Chitaganya, Kadoma akutchedwabe Gatooma, ndipo anaikidwa konko. Amalume anasonkhetsa abale mpaka chiliza chinamangidwa, tsiku lochivundukula linagwera Loweruka. Mutu unatiwawa pa agogo aakazi. Zaka anadutsa 80 kalekale, mawondo anatha, shuga nayenso alipo, amayenda ndi ndodo komanso sakhala nthawi yaitali asanafune kukataya madzi. Ine ndinayesa kunena kuti agogo bwanji mutsale ife tikakujambulirani zonse pa foni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkuti, "Mwamunayo ndi wako kapena wanga?" Nkhani inathera pompo.

Tsono amene mumakwera basi pa Showgrounds kapena ku Mbare Musika mu Harare mukudziwa nokha zimene zimachitika. Usanatsitse nkomwe chikwama mahwindi, anyamata oitanira basi aja, atatu achigwira kale, wina kukokera uku wina uku, iwe uli pakati ngati chingwe. Ndikakhala ndekha ndilibe nazo vuto, ndalipira kangapo $5 nkukafika bwinobwino ku Kadoma. Koma ganizirani agogo akukwera masitepe a basi, kenako kutsika mtauni, kusakanso kombi ya ku Eiffel Flats, kuchoka pamenepo wapansi mpaka kumanda. Za mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu mosaloledwa tija, sindinafune nkomwe kuzimva, ka Honda Fit kamodzi anthu anayi kumbuyo awiri pampando wakutsogolo winanso atapindika mu buti, ayi ndithu agogo anga ayi.

Dalaivala tinamupeza kudzera kwa mayi wina wa Mvano, akuti ndi amene anawatengera anthu ku ukwati mwezi wathawu. Ndinayang'ananso pa inDrive, pulogalamu ya pa foni yopezera galimoto ya hayala, kuti ndidziwe mitengo ikuyenda bwanji, koma ndinasankha wodziwika ndi anthu akutchalitchiyu chifukwa ulendo wathu sunali wongotisiya nkumapita, timafuna munthu woti atidikire tsiku lonse nkutibweza. Dzina ndi nambala sindilemba pano, wofuna andipeze. Galimoto yake ndi Toyota Wish ya mipando 7, yakalekale ndithu koma yosamalidwa, mkati mosanunkha fodya kapena mowa.

Pa mtengo anayambira $120, ine ndinayambira $80, tinakumana pa $100 kupita ndi kubwera. Anapempha $30 madzulo a Lachisanu pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, kuti athire petulo, yotsalayo pobwera. Poyamba ndinaona ngati wandidula khosi, koma nditakhala pansi ndi cholembera maganizo anasintha. Harare kukafika Kadoma ndi makilomita pafupifupi 140, kupita ndi kubwera 280, kuphatikiza kokhota kwa ku Eiffel Flats ndi kuzungulira kwa muno mtauni mwakwana 300. Wish yodzaza anthu ndi katundu ikamwa malita 25 musadabwe, ndipo lita ya petulo nthawi imeneyo sinkatsika $1.50, nde pafupifupi $40 yapita mu thanki basi. Munthu watsala ndi $60 pa tsiku lathunthu, momwemo muchoke matayala, oyilo, inshuwalansi, laisensi ya galimoto ya ku ZINARA, bungwe la misewu, ndiponso ka laisensi ka wailesi ka ZBC kaja anakakakamiza mu 2025 kuti ukapanda kulipira sugula laisensi ya galimoto. Dalaivalayo nkhani ya wailesiyi anaidandaula njira yonse, akuti wailesi ya mgalimoto mwake siyigwira nkomwe masiteshoni ambiri chifukwa inachokera ku Japan.

Tinapangana 5:30 mmawa, anafika 5:50. Kwa ine kumeneko sikuchedwa, agogo nawo anali akusakabe duku lawo loyera. Apa mpamene ndinayamba kumukonda. Sanaimbe huta ali pamsewu ngati mmene ena amachitira, analowa mpanda, nkugwada pang'ono kupereka moni kwa agogo mChichewa chosakanikirana ndi Chishona, "Mwadzuka bwanji gogo?" Kenako anakankhira mpando wakutsogolo mmbuyo kuti miyendo yawo itambasuke, anawagwira mkono, nkudikira mpaka atakhazikika, ndipo lamba anawamanga yekha. Ndodo anaiika pambali pa chitseko poti aifikire. Tinali anthu asanu, agogo, amayi, mlamu wanga, mwana wanga ndi ineyo, koma katundu ngati tikusamuka: thumba la ufa, makabichi, mapoto awiri akuluakulu, chigubu cha thobwa, mpando wapulasitiki woti agogo akakhalire kumanda, ndi nkhuku ziwiri zamoyo. Pa nkhukuzo ndinkayembekezera mkangano. Iye anangopinda mipando yakumbuyo kwenikweni, kuyala saka, nkuti bola muzimange miyendo zisandipentere galimoto.

Tinatulukira High Glen kukalowa msewu wa ku Bulawayo cha ku Kuwadzana, kunja kukuyamba kuyera. Kuchoka pamenepo mpaka Norton msewu ndi wa mbali ziwiri, umayenda mtima uli mmalo, kudutsa pokhotera ku Lake Chivero ndi pamlatho wa Manyame. Pa tologeti ya ku Norton mpamene tinayamba kusiyana mawu. Atayandikira pa windo anatembenuka nkuti, "Achemwali, tologeti ndi yanutu." Ine ndinati ayi achimwene, si tinati $100 zonse? Iye akuti $100 ndi galimoto ndi petulo. Kunena zoona palibe amene ananama, nkhaniyi sitinaikambe nkomwe, ine ndinangoganiza iyenso anangoganiza. Safunsa anadya phula. Ndinatulutsa $4, pobweranso $4 ina. Ndalama yake si yambiri koma kumbuyo magalimoto akuimba huta iwe ukufufuza mchikwama, zimakwiyitsa. Konzeranitu timapepala ta $1 tosang'ambika, chifukwa nkhani ya chenji muno mukuidziwa, ukapereka $10 umayamba kufunsidwa ngati ulandire ZiG, ndalama ya Zimbabwe.

Kupitirira Norton msewu umapanikizika, umodzi kupita umodzi kubwera, ndipo magonyeti ndi osayamba makamaka kuyandikira Selous kumene kuli kampani ya migodi ya Zimplats. Kayendetsedwe kake ndikamupatsa ulemu. Sipidi samadutsa 100, ndipo tinakhala kumbuyo kwa gonyeti ina mwina mphindi khumi osaidutsa chifukwa mzere unali wosadukiza, pomwe timagalimoto tina timangotulukira mbali ngati tili ndi moyo wina wosungira kunyumba. Mlamu wanga anayamba kung'ung'udza kuti tichedwa, dalaivala anangoti kumanda tikupitako tikafike ngati alendo. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

Koma foni. Eee, foni yokhayo inandinyansa. Mauthenga a mawu pa WhatsApp amangolowa, makasitomala kufunsa za mawa, iye dzanja limodzi pa chiwongolero lina kuyankha. Ndinapirira kawiri, kachitatu ndinalankhula kuti achimwene mwanyamula nkhalamba ndi mwana, foniyo ndipatseni ndizikuyankhirani ine. Sanakwiye, anaiika mthumba mpaka Chegutu. Komabe sizinayenere kudikira kuti ine ndinene.

Chinthu china chimene ndinachiona mochedwa ndi nambala ya galimoto. Yake ndi yachikasu, ya galimoto ya munthu wamba, pomwe zonyamula anthu olipira zimayenera kukhala ndi nambala yofiira ija, pamodzi ndi inshuwalansi ya apaulendo. Ndinazindikira izi titaona lodibuloko patsogolo titangodutsa Selous. Anachepetsa sipidi nkunena motsitsa mawu kuti akafunsa munene kuti ndine mdzukulu wanu, tikupita kumwambo wapabanja. Agogo atavala yunifolomu ya Mvano, bulauzi yoyera siketi yakuda, anati, "Ine ndiname ndi zovala izi? Mwana iwe kwanu nkuti?" Iye akuti anabadwira ku Dzivarasekwa koma bambo ake anachokera ku Dedza. Mfunda? Akuti Phiri. Agogo anaomba mmanja, "Aaa, ndiye bodza lili pati, amayi anga anali a kwa Phiri, ndiwe mdzukulu wanga ndithu." Wapolisi anangoyang'ana laisensi ndi madisiki apagalasi nkutikwezera dzanja kuti tipite, sanafunse nkomwe. Tinaseka inde, koma ine mumtima sizinandisangalatse, chifukwa chikanachitika china panjira sindikudziwa kuti inshuwalansi yakeyo ikanatiwerengera ife ngati ndani. Ulendo wina ndidzayamba kufunsa zimenezi ndisanatumize ndalama.

Pa Chegutu tinaima kuti agogo akataye madzi komanso adye kanthu chifukwa cha mankhwala a shuga. Apa mpamene ndalama ya hayala inaoneka ntchito yake. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, kubwerako, kukhala pansi kudya mbatata ndi tiyi wa mu fulasiki, mphindi makumi awiri zinatha palibe wowakuwiza kuti gogo fulumirani basi ikupita. Anayambanso kufotokoza za masiku amene tauniyi inali Hartley, fakitale ya nsalu ya David Whitehead ikugwira ntchito mwamphamvu, anyamata akwathu ambiri akugwira ntchito mmenemo ndi mmafamu a thonje ozungulira. Dalaivala anamvetsera ngati nkhaniyo ndi yatsopano, mwina kwa iye inalidi yatsopano, ife tinaimva kokwana.

Tinafika ku Eiffel Flats cha mma 8:30. Kanjira kolowera kumanda ndi kafumbi kokumbikakumbika, ndinkaganiza kuti atitsitsira pamsewu, koma analowa pang'onopang'ono pansi pa galimoto pakukhula mpaka pamtengo wapafupi ndi chiliza. Agogo anangoyenda masitepe ochepa nkukhala pampando wawo.

Zamwambo sindilemba zambiri, zinayenda bwino, abusa analalikira, amayi a Mvano anaimba, agogo anagwira mwala uja nkulankhula ndi amuna awo motsitsa ngati ali pakhonde. Chimene chikukhudza hayala ndi nthawi. Ine ndinamuuza dalaivala kuti 2 koloko tikhala tanyamuka. Ndinadziwa bwanji ine, kaya. Mwambo wa achibale amene sanaonane zaka khumi sutha 2 koloko. Kuchoka kumanda kupita kunyumba kwa amalume, nsima kuchedwa kupsa, malonje osatha, kenako nkhani ya ndalama zotsala za chiliza inabuka akuluakulu nkulowa mnyumba kukakambirana. 3 inadutsa, 4 inadutsa. Iye anadya nawo nsima ndi nkhuku zomwe ananyamula zija, thobwa anamwa makapu awiri, mowa anakana ngakhale amalume anamukakamiza, chimene ndinayamikira kwambiri. Koma itakwana 5 anandikokera pambali nkuti maola atatu owonjezerawa ndi $10 lililonse, anali ndi kasitomala wa ku eyapoti madzulo ndipo wamutaya. Ine magazi anakwera, ndinati nanga nsima mwadyayi, iye akuti nsima sathira mu thanki achemwali. Kkkk pano ndikuseka koma nthawi imeneyo sindinaseke. Tinakanganapo pang'ono kuseri kwa nyumba kuti agogo asamve, mpaka tinagwirizana $15. Ndikaganiza bwino mnyamatayo sanalakwe kupempha, cholakwika chake nchoti sananene poyamba kuti kudikira kuli ndi malire, anadikira ine ndili pakona.

Pobwera amayi anatsala kwa amalume, katundunso anali atatha, galimoto inapepuka. Titafika pa Chegutu anthu ali mbwee pamsewu kuimitsa magalimoto, ndinaona akuchepetsa sipidi nkutsitsa galasi. Akuti tingotengako awiri a ku Harare, mipando ikungopita yopanda anthu. Apa ndiye ndinakana kwamtuwagalu. Mipando imeneyo ndalipira ine, yopanda anthuyo ndi imene ndagula, ndikanafuna kukhala ndi anthu osawadziwa usiku ndikanakwera mushikashika wa $5. Anakweza galasi osayankha, ndipo kuchoka pamenepo mpaka Norton mgalimoto munali zii, kumangomveka agogo akuliza mkonono. Mdima unatipeza tisanafike Selous, magetsi a magonyeti kuthobwa mmaso, iye anatsitsa sipidi kufika 80 ndipo foni sanaigwirenso.

Tinalowa mu Mufakose cha mma 8 usiku magetsi atazima dera lonse. Anaimika galimoto moyang'anitsa pakhomo kuti nyali zake ziunikire njira, nkuwagwira agogo mkono mpaka pa sofa, kubwereranso kukatenga ndodo ndi mapoto. Zonse pamodzi zinakwana $123, kuphatikiza tologeti ndi kudikira kuja, tinagawana mabanja anayi. Pa nyenyezi zisanu ndimupatsa zinayi, imodzi ndachotsera foni, nambala yachikasu ndi za pa Chegutu zija. Ndikakhala ndekha kapena ndi mlamu wanga sindingataye ndalama imeneyi, basi ilipo. Koma ndi agogo, kapena munthu wochokera kuchipatala, ndingamuitanenso mawa lomwe, kungoti ulendo uno tidzalemberana pa WhatsApp zonse: tologeti ndi ya ndani, kudikira mpaka nthawi yanji ndipo kupitirira apo ndi zingati, komanso kuti panjira satenga munthu wina.

Agogo za $15 zija sakuzidziwa mpaka lero, ndipo musakawauze. Kwa iwo mnyamatayo ndi mdzukulu wawo wa kwa Phiri basi. Lamulungu lapitali anandipatsa kathumba ka mtedza kuti ndikamupatse, nkundiuza kuti ndimufunse ngati msewu wa ku Bindura amaudziwa, chifukwa mu Disembala kuli chinkhoswe cha mwana wa achemwali awo ndipo akuti basi sakweranso.