Mbewu ya anyezi wa Texas Grano: wamkulu ndi wokoma, koma wosasungika

Pakati pa mbewu za anyezi zimene zimapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo zaulimi, Texas Grano ndi imodzi mwa zimene alimi ambiri amazitchula akamakamba za anyezi wamitu ikuluikulu. Ndakhala ndikuilima kudimba pambali pa Red Creole, anyezi wofiira amene ambirife tinamuzolowera, ndipo chimene ndaona ndi chakuti mbewu imeneyi imachita zimene zimalembedwa papaketi, koma siyenera mlimi aliyense. Amene ali ndi madzi okwanira ndi msika wapafupi adzaiyamikira, pamene amene amadalira kusunga anyezi mpaka mtengo utakwera akhoza kugwa nayo m'mavuto.

Dzina lake lonse ndi Texas Early Grano 502, ndipo inatulutsidwa ndi akatswiri a zaulimi a ku Texas, m'dziko la America, m'chaka cha 1944, kuchokera ku mtundu wa anyezi wa Grano umene kwawo ndi ku Spain. Chimene chimachititsa kuti izichita bwino kuno ndi kutalika kwa usana. Anyezi amayamba kupanga mutu pamene maola a kuwala kwa tsiku afika pamlingo woyenera mtundu wake, ndipo Texas Grano amangofuna maola 11 kapena 12, amene ndi omwe timakhala nawo m'Malawi. Mitundu yambiri ya ku Ulaya imafuna maola 14 kapena kupitirira, n'chifukwa chake mapaketi okongola amene abale amatumiza kuchokera ku Britain nthawi zambiri amangotulutsa masamba obiriwira popanda mutu wooneka.

Mbewu imeneyi si ya haibulidi, choncho mtengo wake ndi wotsikirapo, ndipo imagulitsidwa m'mapaketi ang'onoang'ono ndi m'zitini. Njere zake ndi zakuda, zazing'ono kwambiri, moti gramu imodzi imakhala ndi njere zoposa 250. Wogula ayenera kuyang'ana tsiku limene mbewuyo inapakidwa, chifukwa njere za anyezi zimataya mphamvu msanga kuposa za tomato kapena kabichi, ndipo zikagona chaka chathunthu pashelefu yotentha zimamera mwa apo ndi apo. Paketi yatsopano, yofesedwa m'mizere yozama sentimita imodzi pa nazale ya dothi losalala ndi kuphimbidwa ndi udzu wouma, inandimerera bwino patatha sabata imodzi ndi masiku ochepa. Udzuwo uyenera kuchotsedwa mbande zikangotuluka, apo ayi zimatalika n'kupindika ngati ulusi.

Nyengo yabwino yofesa ndi pamene mvula ikupita kumapeto, cha m'mwezi wa Marichi ndi Epulo, kuti anyezi akule masamba m'miyezi yozizira ndi kudzakhwima kutayamba kutentha. Mbande zimakhala pa nazale masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, ndipo zimawokeredwa zikatsala pang'ono kunenepa ngati pensulo. Apa ndi pamene mtundu uwu umafuna chisamaliro, chifukwa mbande zimene zakulira pa nazale zikakumana ndi chisanu cha mu Juni ndi Julaye zimathamangira kutulutsa phesi la maluwa, ndipo anyezi wotulutsa maluwa amakhala ndi mtima wolimba umene palibe wogula amene amaufuna. Alimi a kumalo ozizira monga Dedza ndi Ntcheu ayenera kulabadira kwambiri zimenezi.

Kukula kwa mutu, kumene ndi chifukwa chenicheni chogulira mbewuyi, kumadalira mpata, chakudya ndi madzi. Ndikawokera motalikana masentimita 12 mpaka 15 mumzere, ndi masentimita 25 mpaka 30 pakati pa mizere, mitu yambiri imakula mpaka kudzaza chikhatho cha munthu wamkulu. Ndikathithikiza, imakhala yapakatikati, ndipo nthawi zina zimenezo n'zimene msika wa m'mudzi umafuna, popeza mayi wogula anyezi wa ndiwo za tsiku limodzi safuna chimutu chimene adzachidule n'kusiya theka likufota. Tsamba lililonse la anyezi limayimira chikhungu chimodzi cha mkati mwa mutu, choncho ntchito yonse ya miyezi yoyamba ndi yokulitsa masamba ambiri ndi athanzi. Manyowa owolerana bwino ndi feteleza wokulitsa ziyenera kulowa m'bedi musanawokere, kenako feteleza wobereketsa wa CAN athiridwe patatha masabata atatu kapena anayi, koma mitu ikayamba kufufuma feteleza aleke. Ukapitiriza kuthira, khosi la anyezi limanenepa ndi kukana kuuma, ndipo kuwola kumayambira pomwepo.

Mizu yake ndi yosazama, motero salimbana ndi udzu ndipo sapirira ludzu. Bedi likauma kwambiri kenako n'kuthiridwa madzi ochuluka nthawi imodzi, mitu ina imagawikana pawiri, ndipo vuto limeneli ndaliona kwambiri pa Texas Grano kuposa pa Red Creole. Kupalira kumafuna manja kapena kakhasu kakang'ono, ndipo anyezi saundiridwa ngati mbatatesi: mutu uyenera kukhala pamwamba pa dothi, theka lake likuonekera, kuti ufufume momasuka. Amene amathirira ndi keni kuchokera pachitsime chakutali aganizire bwino kukula kwa malo asanafese, chifukwa mu Ogasiti, mphepo ikamaumitsa dothi, ntchito yothirira imachuluka pa nthawi yomwe madzi akuchepa m'madimba ambiri.

Pa za tizilombo ndi matenda, mbewu iyi ilibe mwayi wapadera. Tizilombo tating'onoting'ono totchedwa thrips timabisala pakati pa masamba pafupi ndi khosi, ndipo chizindikiro chake ndi timizere totuwa ngati siliva pamasamba. Timachuluka kukatentha ndi kuuma, choncho ndi bwino kumatsegula masamba apakati ndi zala kamodzi pa sabata n'kuyang'anitsitsa, m'malo modikira kuti munda wonse utuwe. Kukakhala chinyezi ndi mame ambiri pamabwera mawanga ofiirira amene amaumitsa masamba kuchokera kunsonga. Za mankhwala oyenera ndi bwino kufunsa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, koma kasinthasintha wa mbewu ndi kupewa kuthirira madzulo kwambiri zimathandiza popanda kuwononga ndalama.

Anyezi amakhwima patatha pafupifupi miyezi inayi kuchokera pa kuwokera, ndipo chizindikiro ndi masamba kugwa okha pakhosi. Theka la bedi likagwa, kuthirira kuyenera kukhala kutalekeka kale, ndipo anyezi amazulidwa n'kuumitsidwa pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi litauma ndi khungu litayamba kuchita phokoso ukaligwira. Mitu yake imakhala yotambalala pamwamba ndi yosongokera kumizu, ya khungu lopyapyala lachikasu chotuwa, ndipo mkati mwake ndi moyera, mwa madzi ambiri. Popeza si haibulidi, mitu siifanana yonse, ndipo pamafunika kusankha ikuluikulu payokha musanapite kumsika.

Pa kakomedwe ndiye palibe chodandaula. Ndi anyezi wosawawa, wotsekemera pang'ono, amene ukamudula sakhetsa misozi kwambiri, ndipo amadyeka wosaphika popanda kuyamba wamuviika m'madzi a mchere. Mu saladi wa tomato ndi kabichi, amene amaperekedwa ndi tchipisi pachiwaya kapena ndi nyama yowotcha, amaposa Red Creole kutali, chifukwa magawo ake ndi okhuthala, okhotchoka pakamwa, ndipo fungo lake silikhalitsa. Mu ndiwo zophika nthawi yaitali, monga nyemba kapena nyama ya mbuzi, amasungunuka msanga n'kusowa, moti wophika amafunika kuika wochuluka kuti amveke. Ambiri amene anazolowera anyezi wofiira amanena kuti ameneyu ndi wozizira m'ndiwo, ndipo sindingawatsutse.

Madzi omwewo amene amamukometsa ndi amene amamulepheretsa kusungika. Ngakhale atauma bwino, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri amayamba kumera ndi kufewa, pamene Red Creole wouma bwino amatha miyezi ingapo atapachikidwa m'nyumba yodutsa mphepo. Vuto ndi lakuti nthawi yokolola, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndi yomwe anyezi amasefukira m'misika monga ya Lizulu ndi Tsangano, ndipo mtengo umakhala pansi. Mtengo wabwino umadza m'nyengo ya mvula, imene Texas Grano safikako. Khungu lake lopyapyala silipiriranso kuponyedwa m'matumba ndi kupsinjidwa pagalimoto, ndipo mutu umodzi wovulala umawoletsa anzake m'thumba.

Chifukwa cha zimenezi, ndingalimbikitse mbewuyi kwa amene amalima za pakhomo ndi kwa amene agwirizana kale ndi malo odyera, ogona alendo kapena ogulitsa tchipisi amene amatenga katundu sabata ndi sabata. Oterowo angachite bwino kufesa pang'onopang'ono, motalikana masabata awiri kapena atatu, kuti anyezi asakhwime yense tsiku limodzi. Mlimi wa kutali ndi msewu, amene amadikira mavenda kuti amupeze, apatse Texas Grano mabedi ochepa okha ndipo gawo lalikulu la dimba alisiyire anyezi wofiira.